Usacheuke, Timve Mathero

Kwa Mlolo, Nsanje
9 Okotobala 2024

Okondedwa alongo anga a Priska,

Ndiyambe ndi dzina la mlamu wanu Sebastiano Fanizo, poti ndiye wandigwiritsa cholembera lero, ine wolekeza sukulu panjira. Za moyo ndinena kumapeto.

Mukukumbukira kuti nthawi ya nkhondo ya kwawo ndine ndinamuwolotsa Ruo pa bwato langa, alibe ndi nsapato zomwe. Atakhuta milamba yathu n'kusankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, anandipeza padooko ndikusimbira asodzi nthano ya Mayi Wonyowa, ija ankatisimbira atate. Ndinali nditafika pamene mayiyo wakhala kumbuyo kwa bwato n'kuuza wopalasa kuti, "Usacheuke mpaka tsidya," bwato n'kuyamba kulemera. Pomwepo anandilanda nkhafi imene ndinkagogoda nayo pansi, akuti ndikuitana mizimu. Lamulungu lotsatira anandidula mu mpingo. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikudziwa kuti maliro anga adzapita kumanda chete, opanda nyimbo, ngati a mbala.

Tsopano imvani. Mwana wanga Anita ndi anzake ku Blantyre amapanga masewera a pafoni, amati gemu. Chaka chatha anabwera kudzajambula mawu anga ndikusimba nthano ija, nkhafi ili m'manja. Mu gemumo aikamo nkhalamba yopalasa bwato, yamutu ngati chikho, m'kamwa mwagweluka. Ndinamukalipira kuti ine sindili choncho. Koma mawu ndi anga, ndi kutsokomola komwe sanachotse. Wosewera amawongola bwato ndi chala pamene nkhalamba ikusimba. Akangocheuka kuti aone mayiyo, kanema amada bii, nkhalamba n'kunena kuti, "Ndinakuuza," nthano n'kuyambanso poyamba.

Loweruka masana anailumikiza pa kanema wamkulu m'chisakasa cha mafilimu kumsika. Anthu anadzaza mpaka pakhomo. Ine ndinakhala pakona, chipewa ndatsitsa kumaso.

Nkhalamba itangotsokomola, mayi wina anati, "Si a Geresomo amenewo?"

"Eni ake! Chifuwa chafodya chomwecho!"

Anaseka, koma nkhafi itayamba kugogoda kuseka kunatha. Witness, msodzi uja amadzitama kuti anaphwanya ng'ona diso ndi chibakera, atamva madzi akulowa m'bwato anakweza miyendo pabenchi. Foni inali m'manja mwa Glory, wogulitsa nsomba zowamba, ndipo mtima sunkamulola. Pamene bwato lalemera ankacheuka basi, kanema bii, anthu n'kumutukwana.

Sebastiano anamva phokoso ali pamsewu. Analowa ndi ndodo yake kudzadzudzula, koma anaima pakhomo. Glory anacheukanso, iye ali chiimire. Atacheuka kwinanso, nthano itafika pomwe paja anandilanda nkhafi, ndinamva mawu amene ndimawadziwa ngakhale m'tulo:

"Mwana iwe, usacheuke! Palasa timve mathero!"

Chisakasa chonse chinatembenuka. Glory anati, "Abambo a mpingo, mizimu ija mwayamba kuikonda liti?" Alongo anga, ndinaluma chipewa kuti ndisaseke mokweza.

Ulendo umenewo Glory anapirira. Bwato linagunda tsidya, ndipo mawu anga anasimba mmene wopalasa anamvera mapazi ambirimbiri akutsika kumbuyo kwake, anthu onse amene mtsinje unawameza, aliyense akuthokoza podutsa. Womaliza kuthokoza anali mwana wake yemwe, amene anamusiya kunyumba akusewera. Kenaka amayi anakuwa, wina anathamanga kukaona ana ake, ndipo Witness analumbira kuti sawolotsanso mlendo wosamudziwa.

Sebastiano anavula chipewa n'kutuluka. Ena akuti analira pokumbukira mkazi wake woyamba, amene anatsalira m'madzi pa bwato lina tsiku lija ankathawa nkhondo. Zimenezo ine sindinazione, ndipo sizifafaniza zimene anandichita. Chimene ndinaona n'chakuti anthu atandizindikira pakona ananditulutsa akuomba m'manja, ndipo a kwaya analipo atatu, akuomba nawo. Anita akuti ndi a ku Joni omwe akulemba pafoni kuti nkhalambayo yawasowetsa mtendere. Ine Geresomo, wodulidwa!

Za moyo ndi izi. Miyendo yatupa, ndipo mapira ndalima chaka chino sindikhulupirira kuti ndidzawadya onse. Inu Sebastiano amakumverani, poti munasunga mkulu wake mpaka kumuika. Muuzeni kuti nkhafi ija asunge, sindikuifuna. Kupepesa kwa kuseri kwa nyumba sindikukufunanso. Aimirire kutsogolo kwa mpingo Lamulungu, ine ndidakapuma, anene ndi pakamwa pomwe paja anakuwira m'chisakasa kuti ija inali nthano chabe, andibwezere pabenchi panga, kuti tsiku langa likafika kwaya idzandiperekeze.

Mupereke moni kwa ana onse kumeneko ku Lilongwe. Akatero ndidzakuuzani, mudzabwere mudzakhale pafupi nane m'tchalitchi. Akakana, mudzabwerebe tsiku linalo, mudzandiimbire nokha ngakhale ndime imodzi.

Ndine mlongo wanu,
Geresomo