Chikho cha a Malume Goliati

Lachiwiri, 14 Julaye 1953

Kuzizira. Ana a Sitandade 3 milomo mbuu, ndawaphunzitsira panja padzuwa. Nkhani yokoma: Abusa Chikoti atumiza mawu kuti Mgonero udzakhala pa 26, ndipo a malume Goliati ali m'gulu la obwezeredwa. Zaka makumi awiri kunja kwa gome la Ambuye. Anawaimitsa chaka cha Mchape chifukwa chomwa mankhwala a osaka mfiti aja. Anzawo analapa chaka chomwecho, iwo ayi. "Ndinamwa ndi pakamwa panga, ndidzalapa pa nthawi yanga." Chifuwa cha chaka chino ndicho chawafewetsa. Alowa kalasi la kumpingo pamodzi ndi anyamata osamera ndevu, osajomba. Mkazi wanga Dorika wawachapira kale jekete. Ambuye ngwabwino.

Lachinayi, 16 Julaye

Ku Nsaru, msika wa fodya. Alick, uja anabwera kuchokera kunkhondo ya ku Burma, ali chiimire pa ngolo, anthu mbwee. Akuti eni Chitaganya athira mankhwala mu shuga wa m'masitolo, kuti akazi asabereke, amuna afooke, dziko litsale lopanda eni.

Za Chitaganya ndili naye limodzi. Kutimanga mtolo umodzi ndi Rodeshiya nkutilanda minda. Koma shuga? Ndinanena poyera kuti limenelo ndi bodza, ndipo ndinalankhula mwamatama, ndikuvomera, ngati ndili pa bolodi. Mayi wina wa dengu la mtedza: "Aphunzitsi, inu amene mumamwa tiyi wa shuga tsiku ndi tsiku, nanga ana anu ali kuti?" Anthu kuseka. Zaka zitatu m'banja, nyumba zii. Ndinangokwera njinga.

Loweruka, 18 Julaye

Ndilembe, popeza Mulungu waona kale. Dzulo ndinatenga chitini cha shuga nkukachibisa m'chigafa, kuseri kwa mitengo yoyanikira fodya. Dorika ndamuuza kuti watha, ndipo kusitolo kulibe. Mabodza awiri pa mpweya umodzi. Ine wa kusekondale, wophunzitsa kalasi la ubatizo. Anangondiyang'ana, nkundithirira tiyi. Wowawa.

Lamulungu, 19 Julaye

Titaweruka kutchalitchi, kwa a malume. Ali padzuwa, bulangete m'mapewa, kusankha fodya. Kathupi kachepa, dzina lokha ndilo lidakali lalikulu. Za Alick amva kale.

Anayamba za Mchape, ndipo zina ndikuzikumbuka, ndinali wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mudzi wonse pamzere. Anyamata achilendo kutifulatira, kutiyang'ana pa kagalasi. Mulu wa nyanga ndi zithumwa pamphambano. Madzi ofiira m'mtsuko, chikho chimodzi kuyenda pakamwa ndi pakamwa. Chimene sindinkadziwa: galasi lija linachedwa pa amayi anga, mlongo wawo, wamasiye. A malume analumphira kutsogolo nkumwa m'malo mwa mbumba yonse kuti anthu achotse maso. "Ndikanakana, m'mawa mwake mukanadzuka pa phulusa." Nchifukwa chake kulapa kunkawavuta. Sanaone pamene analakwa, kapena anapaona koma akanachitanso.

Akuti Mchape usanabwere kunadzanso a Chitawala, kulalika kuti dziko likutha, anthu kupha mbuzi zawo, osalima. Dziko silinathe, mbuzi ndizo zinatha. "Onsewa kayankhulidwe nkamodzi, mphwanga. Mdani ali pakati panu, inu simukumuona, tikumuona ndife. Kale mantha anatiuza kuti imwani. Lero akuti musamwe. Mwini mawu ndi yemweyo, wangosintha malaya."

Ndinaonjeza za kusukulu, mmene ku Jeremani anasenzetsera Ayuda njala yonse ndi umphawi wonse wa dziko. A malume kudabwa: "Ayuda a m'Buku Lopatulika? Alipobe, eti?" Tinaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Pa nsanza imene anapukutira pakamwa panali magazi. Anaipinda msanga.

Pobwerera ndimaganiza: m'galasi muja munalibe mfiti. Koma Chitaganya chilipodi, chikubwera. Chovuta nchimenecho. Bodza likakwera pamsana pa choona, ukaligenda umagenda zonse.

Lachitatu, 22 Julaye

Msonkhano wa akulu a mpingo. A Henderson, mmodzi wa akuluwo, akuti anthu sakhudza chikho, poti vinyo amachokera kutauni ndipo timasungunuliramo shuga. Akuti tiimitse Mgonero mpaka mphekesera zizizire. Abusa amatifikira kuno kawiri pachaka. Mgonero wina ndi wa mvula itagwa. Ndinakumbuka nsanza ija, mtima phaa. A malume mvula sadzaiona, kapena adzaiona ali gone.

Ndinati bwanji tithire uchi. Abusa anakana. "Aphunzitsi, tikathira uchi ndiye kuti tavomereza. Mukonze monga mwa masiku onse." Manyazi. Wokonza chikho ndine, ndipo shuga wake ndi wa m'chigafa uja.

Kunyumba bwino. Nkhuku yaswa, anapiye onse amoyo. Dorika kuimba potsuka mbale.

Loweruka, 25 Julaye

Mapemphero okonzekera, anthu ochepa. Kusitolo kwa a Evaristo wina waswa zenera, pakhomo aunjikapo minga. Munthu wa Katolika wofatsa wa ku Nambuma, ana asanu ndi awiri, amene amanyambita shuga wotsalira pa sikelo. Umboni ukuyenda ndi miyendo pabwalo pake, koma ndani akuwerenga? Ndinathandiza kuchotsa minga. Zimenezo zokha ndizo ndachita bwino sabata ino.

Chitini ndakachitenga. Chapepuka. Mbewa sizitsegula chivindikiro. Sindikumvetsa.

Lamulungu, 26 Julaye

Tchalitchi thoo, mpaka m'mazenera. Ambiri anadzera kudzaonerera. A malume anaima kutsogolo m'jekete lawo, kuyankha mafunso mokweza ngati akuitana ng'ombe. Abusa kuwagwira chanza.

Mkate unayenda bwino. Chikho ndiye. Abusa anamwa, koma kumbuyo ndinamva kunong'ona kuti iwo anabereka kale. A Henderson anangochigunditsa pa milomo yotseka. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anapatsira mnzake osayang'anamo. Wonyamula ndine.

A malume anachilandira ndi manja awiri. Kumwa. Kumwabe. Kholingo kukwera nkutsika, tchalitchi chonse chete kumvera. Anandibwezera chopanda kanthu, ndinachita kukathiranso. Mayi wina anaphulika kuseka, nkubisa nkhope m'nsalu. Abusa maso pansi, mapewa akugwedezeka. Kenaka kumbali ya amayi, Dorika anamwa osaphethira, ena nkumatsatira. Si onse. Alipo amene anakana, ndipo sindiwaweruza. Ine ndinamwa pomalizira. Chikhulupiriro kapena manyazi, Ambuye ndiye adziwa.

Panja a Henderson kuwadzudzula kuti gome la Ambuye si pa mowa. A malume: "Ludzu la zaka makumi awiri, akulu. Inu munangonunkhiza, ndati ndikuthandizeni." Alick anali pansi pa mkuyu ndi anyamata ake. Anavula chipewa, ulemu ali nawo. A malume anamuuza kuti, "Za minda undiitane, ndibwera ndi ndodo yangayi mpaka kuboma. Za shuga undisiye, mwana wanga. Ndinamwapo kale za mantha, ndikudziwa kakomedwe kake." Alick anavalanso chipewa chake. Sanagonje.

A malume ndinawakweza pa njinga kupita kwawo. Opepuka ngati mtolo wa mapesi. Njira yonse kung'ung'udza salimo, mawu kusowa, kuyambiranso.

Lachiwiri, 28 Julaye

Mphekesera zikadalipo. Ku Kabudula akuti tsopano zafika pa mchere. Mawa kaya sopo. Chitaganya nachonso akuti chafika pakhomo, masiku atha. Tidzalimbana nacho, koma ndipempha Mulungu kuti tisayambe nkudyana tokha.

A malume adya phala, mbale yonse.

Lero ndaulula kwa Dorika za chitini, za mayi wa ku Nsaru, zonse. Ndinayembekeza misozi. Kuseka mpaka kukhala pansi. "Aphunzitsi, kodi chigafa chimenecho amasesa ndani?" Anachipeza tsiku lomwelo. Wakhala akukanyambita masana ine ndili kusukulu. Akuti masiku ano chokhazikika m'mimba ndi chomwecho, fungo la usipa limamuthamangitsira kuseri kwa nyumba. Ndinafunsa kuti chiyambire liti. "Zina safunsa, bambo. Mukafunse azakhali anu."

Ndawerenga pa zala. Ndabwerezanso. Sindilemba, zotere salengeza zisanaoneke, ngakhale kwa pepala. Koma Ambuye, ngati

Akuitana. Tiyi. Akufunsa masupuni angati. Ndati awiri.