Bango la Kuseri kwa Akamwini

Mlongo wanga wokondedwa,

Ndiyambe ndi moyo wanu. Mwendo uja unkakuvutani nthawi yozizira wayamba kukumverani? Kuno tonse tili bwino, kupatula mano anga amene akunditsanzika limodzilimodzi.

Nkhani ndikukuuzaniyi mwini wake ndi malume athu aja ankanyamula khasu ngakhale popita kocheza. Ndiwo anandiuza ndili mnyamata kuti madzi a mvula ali ngati mlendo woledzera: ukamukankha mugwera limodzi, ukamupatsa mpando agona yekha.

Paja nyumba ya mwana wanga wamkazi ili kumunsi kwenikweni kwa msewu wathu. Mvula ikagwa, madzi a pamalata a anthu onse akumtunda amatsikira kwa ife ngati tinawaitana. Dzinja lathali analowa mpaka kuchipinda, nanyowetsa makina osokera a akamwini pamodzi ndi nsalu za eni ake. Akamwini analumbira kuti madzi akadzangopondanso pakhonde, nyumba aigulitsa, akachite lendi chipinda chimodzi kumtunda. M'chipinda chimodzi, mlongo wanga, nkhalamba ilibemo malo. Ndikanabwera kumeneko kudzakugonthetsani m'makutu.

Kuseri kwathu kuli kachigwa kamene anthu anakasandutsa dzala: mabotolo, matayala, nsapato zopanda zinzake. Ndinayenda khomo ndi khomo, chida changa pakamwa pokhapa, kupempha kuti tichotse zinyalala, tikumbe thamanda loti madzi azifikirapo, m'mbali mwake tibzale bango, ndipo pamtsetse tipingase mizere ya nsenjere. Oyamba kundimvera anali amayi ogulitsa makala, poti nawonso matumba awo anayandamapo. Iwo anakoka amayi anzawo. Wometa tsitsi wa pakona anafalitsa kuti achikulire akutsegula hotela ya njoka, nafunsa ngati achule azilipira lendi. Ndinamuuza kuti achule ali ndi ulemu kuposa iye, poti amasokosa m'dzinja mokha, pamene iye ndi chaka chonse. Anati mawu amenewo akanakoma akanachokera kwa munthu wina, osati ine.

Tinabzala, n'kumathirira ndi madzi otsukira mbale chilimwe chonse. Zinagwira, zinakula.

Ndiye tamvani tsoka. Anthu a m'tauni akaona chobiriwira chapitirira m'mawondo, manja amawayabwa. Loweruka lina ndinapita kukazulitsa dzino, osadziwa kuti agwirizana zokonza pamalo. Pobwera ndinapeza bango ndi nsenjere zonse zili pansi, amuna a mumsewu ali ndi zikwakwa m'manja, akupukuta thukuta, kudikira kuti ndiwayamike. Wometa anati tsopano pakuwala ngati mutu wochoka m'manja mwake. Ine ngakhale kutukwana kunandikanika, thonje lili m'kamwa. Akuti kanali koyamba kundiona ndili chete, ndipo alipo amene anathokoza Mulungu.

Tsiku lomwelo akamwini anayamba kufunsafunsa za ogula nyumba.

Mwayi wake anali asanatenthe zotchetchazo. Ndinawakodola amayi a makala kuti asalole munthu kukhwatcha machesi. Tinatola mapesi onse, tinakumba tingalande m'matope, n'kuwagoneka m'menemo, n'kukwirira pang'ono. Inu mukudziwa kuti bango ndi nsenjere ukazigoneka choncho, mfundo iliyonse imatulutsa mphukira yake. Zitsa zotchetchedwa nazonso zinaphuka ngati zapsa mtima. Pofika mvula zoyamba panathithikana moti ngakhale nkhuku inkazungulira. Wometa anati ndine mfiti. Ndinamuthokoza pamaso pa makasitomala ake chifukwa chondidulira mbewu mwaulere.

Chimvula chenicheni chinagwa masana Lachiwiri lapitali. Msewu unasanduka mtsinje. Akamwini anakweza makina patebulo, naima pakhomo manja ali m'chiuno. Mwana wanga ankangondiyang'ana. Madzi anatsika ofiira, akubangula, atanyamula ndowa ya munthu wina. Atagunda nsenjere anamwazikana, nasiya matope ndi zinyalala pamenepo, nayamba kuyenda chokwawa. Analowa m'thamanda, thamanda linadzaza mpaka m'milomo, bango likungowerama n'kudzukanso. Kenako anasefukira chakuno, pang'onopang'ono, mpaka pamwala umene mwana wanga amachapirapo, poti mukatambasula mwendo muli pakhonde mupagunda. Madziwo anaima pamenepo ngati akuganiza zochita. Mvula inakata, iwo n'kuyamba kubwerera.

Ndinavina, mlongo wanga, ndi msana womwewu! Amayi a makala anatulukira kutsidya atafunda thumba kumutu, akukuwa kuti aitane wometa adzaone. Wometa sanabwere, ankakapa madzi m'shopu mwake.

Pempho langa ndi limodzi. A msewu wachiwiri, kumene madzi analowa m'nyumba, abwera kale kudzapempha mbewu, ndipo yangayi singakwane. Auzeni ana anu akumbe mizu ya bango kudimba kwanu, aikulunge m'thumba lonyowa, mumupatsire woyendetsa basi wandevu uja. Mumuuze asaiike pafupi ndi injini.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa azakhali ngati makutu awo akumvabe, ndi kwa adzukulu onse mpaka wakhanda amene sindinamuone. Mwana wanga akuti akusowani. Akamwini nawonso akupereka moni. M'mawa mwake mwa chimvulacho anandipeza pakhonde, tepi yoyezera ili m'khosi. Anangolowa m'chipinda changa, nayeza zenera, nandifunsa kuti katani ndikufuna wamtundu wanji. Munthu sasokera katani nyumba yogulitsa. Ndinasankha wobiriwira.

Ndine mlongo wanu,
uja mumati Pakamwa