Yohane Wandikonzera Chosawonongeka

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tadzuka, ndipo mwendo wa amayi uja wayamba kuphwa.

Kakompyuta konga sopo munanditumizira kaja ndinakaikamo dala mapulogalamu obooka ndi mapasiwedi ofooka, kuti ndiziphunzirirapo kuthyola monga amachitira akuba a pa intaneti. Ntchito ndikuifunayo ndi imeneyo, kupeza pobooka akuba asanapapeze. Mayeso ake ali kumapeto kwa mwezi uno ku Lilongwe.

Ndili kumaliro kwa Mavwere, Yohane wa azakhali, wokonza mafoni paboda uja, anakatenga. Pobwera anandilandira akumwetulira. "Asisi, kanali ndi matenda kameneka. Ndafufuta zonse, pano kali mbee. Ndakuikiranimo ndi nyimbo za kwaya."

Ntchito yanga yonse inathera pomwepo. Nditamuuza kuti mabowowo ndinaika ndekha, anaseka. "Sukulu yonse ija, munthu n'kumaboola dala chinthu chako?"

Akunenayo ndi munthu woti foni iliyonse mankhwala ake n'kufufuta basi. Amayi nawo akuti ndikamuthokoze ndi nkhuku. Kunotu ukatchula chitetezo cha makompyuta, anthu amaganiza za mlonda wa chibonga.

Nkhukuyo saiona. Ndayambiranso poyambirira, ndipo mayesowo ndikalemba ndithu, ndichokeko kuno. Chonde muwaimbire amayi muwafotokozere, mwina inu akumverani. Munditumizirenso memore khadi ina yosungirapo ntchito yanga, ndi loko wamphamvu wa pachitseko changa.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Tadala