Kuwaphunzitsanso Mzinda a Dekha

Lolemba, 5 Meyi

A Dekha atuluka m'chipatala lero. Sitiroko, akutero adokotala. Mwendo wakumanzere ukukoka, pakamwa papindika pang'ono, koma ndi amuna anga omwe aja. Pobwera m'takisi maso anga anali pa iwo basi. Munthu woyendetsa minibasi m'likulu muno kuyambira ndilibe imvi ndi imodzi yomwe, lero kumasuzumira pawindo ngati mlendo wongotsika kumene. Pa mlatho waukulu andifunsa, "Mayi, mtsinje uwu ndi wa kuti?" Ndaseka kuti wa takisi asadziwe kanthu.

Lachitatu, 7 Meyi

Alamu abwera, akulu awo a amuna anga. Tiyi makapu atatu, shuga kuthira ngati ndi wa boma. Nkhani yawo imodzi: kumudzi. "Mlamu, inu mumachoka m'mawa kubwera madzulo. Munthu wosadziwa njira ya kwawo mumzinda ngati uno, mudzakamutola pamsewu." Sakunama, ndicho chikundiwawa. Dzulo a Dekha anapita kukagula sopo pa golosale ya apa pomwepa, anawapeza kuseri kwa sukulu atangoima.

Ndapempha mpaka kutha kwa mwezi. Akayenda okha kuchokera ku depoti mpaka pakhomo pano, akhala. Akalephera, alamu awatenga. Ndanena ndekha ndi pakamwa pangapa, popanda wondikakamiza. Pakamwa apa padzandipha tsiku lina.

Loweruka, 10 Meyi

Sukulu ya a Dekha yatsegulidwa. Mphunzitsi wake ine, wokolopa m'maofesi a boma. Ndakwera nawo pa kaphiri ka thanki ya madzi, pomwe mzinda wonse umaoneka ngati uli m'beseni. Ndawalozera chimodzichimodzi. Phiri la kum'mawa, lija lili ndi nsanja ya wailesi. La kumadzulo, miyala yokhayokha. Pakati chigwa, ndi mtsinje wochokera kumpoto kudula mzinda pawiri. Tsidya lino lakale: msika, depoti, fumbi, ifeyo. Tsidya ilo kumtunda: maofesi a boma, nyumba za akazembe, mitengo yodzalidwa pamzere. Milatho iwiri, waukulu ndi wa njanji.

Iwo kugwedeza mutu ngati mwana womvera. Ndinati zikulowa. Potsika andigwira mkono, "Malo okongola, mayi. Tidzabwerenso kuno kudzacheza?" Ndati inde, tidzabwera. Ndayang'ana kumbali nthawi yaitali.

Lachiwiri, 13 Meyi

Ndabwerera ku ntchito. Telala wa khomo loyandikana walonjeza kumawaponyera diso. Mankhwala akwera mtengo, minibasi nayo yakwera, malipiro okha ndiwo odzichepetsa. Pokolopa pansanjika yapamwamba ndimaima pawindo kufunafuna denga lathu tsidya linalo. Utsi wokhawokha. Mzinda uwu unamangidwa kuti a kumtunda azitiona ife ngati nkhungu.

Madzulo mayeso. Msewu wa kumsika dzina lake? Zii. Dera lathu? Andiuza dzina la kwawo kumene anabadwira. Mayina onse ndinawaphunzitsa Loweruka atayikira panjira. Ndinawakalipira pang'ono. Kenako manyazi. Ndawasendera lalanje, adya.

Lamulungu, 18 Meyi

Lero ndiye lero! Tinakwera minibasi kupita kukaona mwana wa mchemwali wanga tsidya ilo. Kondakitala kungowaona, "A Dekha salipira, akhale kutsogolo!" Tinakhala kutsogolo ngati mabwana. Titangowoloka mlatho waukulu, pomwe chitunda chimayambira, ndinaona dzanja lawo likuyenda pabondo. Kukoka, kukankha. Akusintha giya! Dalaivala anachedwa, galimoto kutsokomola, iwo osamuyang'ana n'komwe, "Yachiwiri, mphwanga, apa ndi pa yachiwiri." Basi yonse kuseka. Ine kuseka ndi misozi yomwe.

Kupusa kwanga. Ndakhala ndikuwaphunzitsa mzinda wa ife okwera, wa mayina ndi zikwangwani. Iwo sanaudziwepo motero. Wawo ndi wa zitunda ndi mitsetse, pokhota ndi poponda buleki. Umenewo ulipobe, uli m'dzanja.

Lachinayi, 22 Meyi

Tsiku lililonse ndikaweruka timakumana ku depoti, telala amawaperekeza. Kenako ulendo wapansi, koma mwa magiya. Kuchoka pa depoti njira ndi yosalala, yachinayi mpaka pomwetsera mafuta. Pamphambano kukhotera kumanzere. Mtsetse, buleki mpaka pa kangalande. Chitunda chathu, yachiwiri. Pageti, yoyamba, kuzimitsa. Amalira ngati injini chapansipansi, anthu kutembenuka kutiyang'ana. Ayang'ane, maso alibe msonkho. Ine ndine kondakitala, wa mawondo owawa.

Lero sanalakwitse paliponse. Pageti anati, "Tsikani bwino, mayi, musaiwale katundu." Ndimawakonda bambo awa. Sindinalembepo zimenezi m'buku lililonse, lero ndalemba.

Lachiwiri, 27 Meyi

Tsiku loipa. Akukumba msewu pa kangalande, milu ya dothi, anthu akudutsira mbali ina. A Dekha anaima, dzanja lili m'malere, osadziwa giya yoti alowetse. Thukuta. Ndinawakoka, anandikankha dzanja. Kunyumba kapu yasweka, aiponya okha kukhoma.

Alamu aimba foni. Abwera Loweruka, abwereka galimoto. Mawu awo ofatsa, akuti kumudzi kuli anthu ambiri owasamala, kuli mpweya wabwino. Zoona zonsezo. Koma kumudziko kulibe ine, ntchito sindingaisiye, tidya chiyani.

Ndasita malaya onse a amuna anga, osadziwa ngati ndi a m'chikwama kapena a m'kabati. Iwo ali pampando kundiyang'ana. "Mayi, mukatopa nane mudzandiuze, musadzabise." Ndati ndatopa ndi simbi iyi, osati inu.

Lachisanu, 30 Meyi

Ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi. Masana ndinawasiya pa depoti. "Tikumana kunyumba." Ndinabisala kuseri kwa ogulitsa nsapato, kenako kuwatsata chapatali.

Yachinayi, bwinobwino. Pomwetsera mafuta, bwinobwino. Pamphambano anaima, anayang'ana dzuwa, nakhotera kumanja. Kumanja! Ndinatsala pang'ono kukuwa. Ndinadzigwira pakamwa. Ndinati ndione pomwe atathere.

Mlatho waukulu anawoloka, magalimoto akuwadutsa pafupi, ine kupemphera mapemphero opanda mutu. Chitunda cha tsidya ilo anakwera chonse, mwendo ukukoka, dzanja likusintha giya. Sanafunse munthu. Sanakayike pokhota paliponse. Kudutsa nyumba za akazembe, kudutsa mitengo ya pamzere, mpaka pageti la ku ntchito kwanga. Anaima pansi pa mtengo wa tsidya la msewu, nakonza kolala. Anthu anali akuweruka, iwo kuyang'ana nkhope imodziimodzi.

Ndinawadzera kumbuyo. Ananditembenukira osadabwa. "Mwachedwa, mayi. Anzanu onse atuluka."

Tili pachibwenzi ankachita zimenezi. Ankapatuka pamsewu wawo ndi basi yodzaza, apaulendo akutukwana, kudzanditenga pa mtengo umenewu. Ineyo ndinali nditaiwala. Wa mutu wabwino ndine, koma ndinaiwala.

Tinakhala pansi pomwepo mpaka mwendo wawo unapumula. Pakhomo sanafike okha. Mwa pangano lathu, alephera.

Loweruka, 31 Meyi

M'mawa. Dzulo lomwelo ndinalankhula ndi alonda a pageti la ku ntchito. Akuti benchi ilipo, pamthunzi, a Dekha azikhala nawo, awathandize kuyang'ana magalimoto olowa. Tizipita limodzi, tizibwerera limodzi. Kaya zitheka mpaka liti, sindikudziwa.

Mawu ndinapereka kwa alamu, ndikudziwa. Ndiwabweza. Anditche wabodza, anene kwa abale onse, ndilandira. Munthu amene amadziwa pondipeza sanasochere.

Galimoto yaima panja. Chikwama sindinalongedze. Akugogoda. Agogode kaye, ndikuwapesa tsitsi amuna anga.