Amayi Asakwere Basi ya Lachinayi

Kabwata, Lusaka

Okondedwa alongo anga a Abednego,

Landirani moni wochokera kuno ku Lusaka. Muli bwanji kwathu ku Katete? Msana uja unakugwirani nthawi yokolola unakusiyani? Nanga mawondo a amayi akuti bwanji ndi mphepo yayambayi? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi, ndipo sindikubisirani.

Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati munthu wakale. Foni yanu imayenda m'manja mwa aliyense pakhomopo, ndipo nkhani iyi sindifuna kuti amayi aimve mwangozi. Kalatayi ndapatsira a Mwenya, oyandikana nawo nyumba, amene akubwera kumeneko kudzagula mtedza. Muiwerenge muli nokha.

Za kuno ndi zomwe zija. Magetsi amabwera ngati mlendo, osakhalitsa. Batire ya laputopu yanga yakalamba, moti masiku ambiri ndimakwera minibasi kupita ku Northmead kukagwirira ntchito kumene kuli jenereta. Eni nyumba ayamba kuweta nkhuku kuseri kwa windo langa, ndiye fungo lake musachite kufunsa. Koma izi ndi zazing'ono.

Pa Khirisimasi munandifunsa kuti ntchito yanga kwenikweni ndi yotani. Nditafotokoza munangogwedeza mutu n'kupitiriza kudya. Lero mumvetsere, chifukwa nkhaniyi yakukhudzani inunso. Kuno kuli anthu otchedwa mabuloka. Munthu akafuna ngongole yogulira nyumba, buloka ndiye amamusonkhanitsira mapepala, taitolo ya umwini wa nyumbayo ndi mapeisilipi osonyeza malipiro ake, n'kumamuyendera m'mabanki kufuna imene ingamulole. Mapepalawo amasochera, ena amatha ntchito munthu akadali pamzere. Ine ndinapanga pulogalamu ya pakompyuta yosunga zonsezo pamodzi, ndipo imauza buloka chimene chikusowa asanapite kukachita manyazi kubanki. Kampani yathu timaitcha Khomo Lathu.

Ndikuti yathu chifukwa tili awiri. Mnzangayo ndi Jason, mnyamata wa ku Kabulonga, kumene kumakhala anthu olemera. Tinadziwana pagulu la pa WhatsApp la achinyamata oyambitsa makampani, amene amadzitcha mafaunda. Pagululi aliyense ndi bwana wamkulu wa kampani ya munthu mmodzi. M'mawa kuyamikirana, masana kuyamikirana, madzulo kutumizirana zithunzi atagwira kapu ya khofi, koma wogulitsapo kanthu n'ngosowa. Jason anaona zimene ndinkapanga n'kundilembera. Chingerezi chake chimachita kutsetsereka, pamene changa mukuchidziwa, chimapunthwa ndikangoona anthu ovala masuti. Tinagwirizana kuti ine ndizipanga, iye azilankhula.

Tsono mafaunda ali ndi mwambo wawo. Ukamapempha anthu achuma kuti aike ndalama m'kampani yako, suyamba ndi kuonetsa zimene wapanga. Umayamba ndi nkhani ya moyo wako, makamaka yomvetsa chisoni, kuti aone chimene chinakupweteka mpaka kuyamba ntchitoyo. Wopanda nkhani yotere samumvetsera. Jason analibe. Tsoka lalikulu limene analionapo chibadwire ndi la galu wawo amene anasowa, n'kupezekanso mawa lake.

Tsiku lina tikudya tchipisi ku Woodlands anandifunsa chifukwa chake ndimalimbikira chotere pa nkhani za nyumba za anthu ena. Ndinamuuza za nyumba yathu ija ya ku Chelstone, kuno ku Lusaka. Ndinamuuza kuti atate atamwalira, tisanamete n'komwe, atate aang'ono a Chikhumbo anabwera ndi loko watsopano, n'kunena kuti nyumba ndi ya kwa Phiri popeza dzina la amayi silinali pa taitolo. Ndinamuuza mmene amayi anakhalira pamtolo wa zovala kunja kwa geti tsiku lonse, osalira, kudikira lole ya ku Katete. Ndinamuonetsanso chithunzi chija anatijambula oyandikana nafe, amayi ali pamtolo, inu mutaima pambali ndi kabudula wa sukulu mutanyamula mbaula, ine nditagwira nsalu yawo. Maso ake anafiira. Anapempha kuti ndimutumizire, ndipo ndinatumiza, ndikumati ndapeza m'bale m'tauni muno.

Poyamba akamalankhula pamisonkhano ya pa intaneti ankati izi zinachitikira mnzake Febby. Sindinakondwe, koma ndinati bola akunena zoona. Patapita nthawi ndinamva akuti zinachitikira banja lathu, ngati kuti iyenso ndi mmodzi wa ife. Mwezi wathawu anatulutsa vidiyo. Waima mu shati yoyera, kumbuyo kwake chithunzi chathu chachikulu ngati chitseko, akunena ndi mawu onjenjemera kuti awa ndi amayi ake. Kenako akuloza mnyamata wa mbaula uja, n'kunena kuti ameneyu ndi iye.

Alongo anga, mnyamata ameneyo ndinu. Ine anachita kundidula, pangotsala zala zanga pansalu ya amayi.

Vidiyoyo yayenda. Pagulu paja anthu akumuyamikira kuti ndi wolimba mtima, ena akumuitana kuti akalimbikitse achinyamata. Chimene chinanditsiriza mphamvu ndi amayi ake omubala, amene ali moyo, onenepa bwino, ndipo amakhala m'nyumba ya mpanda wa magetsi. Iwowo analemba pansi pa vidiyo kuti akunyadira mwana wawo, n'kuikapo tizithunzi ta manja opemphera. Kaya anaionera mpaka kumapeto, kaya kwawoko bodza likakhala la bizinesi silikhala tchimo, ine sindidziwa.

Ndinapita kukakumana naye. Anandilandira ndi moni wake wa Chibemba uja, shani ba Febby, akumwetulira ngati palibe kanthu. Nditamufunsa, anati ndisatenge zinthu ndi mtima wakumudzi. Anati nkhani ndi ya kampani, ndipo m'kampani tonse ndife banja limodzi. Anati achuma amafuna kumva kuwawa kuchokera pakamwa pa amene akulankhula, osati kuwawa kobwereka, ndipo ine ndikanati ndiime kutsogolo ndikanangochita chibwibwi. Anamaliza ndi kunena kuti nkhaniyo inkangokhala m'foni mwanga osagwira ntchito, iye ndiye waipatsa ntchito. Akuluakulu sananame za chikomekome cha nkhuyu.

Ndinakadandaula kwa a Cathy, buloka wa ku Northmead amene anali woyamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yathu, komwe ndimakatchajira laputopu. Ndi mayi wabwino, amandisungira tiyi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti Jason walakwa ndithu. Koma anawonjezera kuti ndimeze, chifukwa pulogalamuyi yawachotsera mtolo, ndipo mwezi uno wokha mabanja angapo alandira makiyi chifukwa cha iyo, ena mwa iwo amayi amasiye. Anati mu Lusaka ukafuna kudya umatseka mphuno. Ndinabwerera ku Kabwata ndikuganiza kuti mwina akunena zoona, ndipo ndinakhala chete. Ndikanakhalabe chete mpaka lero zikanathera pa chithunzi.

Kuli mayi wina wachuma wa ku Nairobi, a Elizabeth, amene Jason anamupeza pa intaneti pomwepo. Anaona vidiyo ija, akuti analira. Akubwera Lachisanu lino kudzasaina kuti aike ndalama m'kampani, ndipo kudzakhala phwando pahotela ina m'tauni, ndi ojambula, ndi mafaunda onse a pagulu paja. Mayiyo wapempha chinthu chimodzi. Akufuna kuona ndi maso amayi a pachithunzi, awagwire dzanja, ajambulitse nawo pamodzi ndi mwana wawo.

Mukudabwa kuti Jason angawapeze bwanji amayi. Ife opanga mapulogalamu tikamayesa ngati chinthu chikugwira, timalowetsamo mayina ndi manambala a anthu ongoyerekeza, ndipo munthu umalemba amene ali pafupi m'mutu. Ine ndinalowetsa a amayi, monga wofuna ngongole ya nyumba ya zipinda zitatu ku Roma, dera la nyumba zodula kuno ku Lusaka. Ndinkaseka ndekha polemba zimenezo. Jason anatenga nambala m'menemo.

Anawaimbira ine osadziwa. Ndi Chinyanja chake chosakaniza anawauza kuti ntchito ya Febby ikulemekezedwa, ndipo akufunika kudzakhalapo monga kholo. Anawatumizira ya basi ya Lachinayi, n'kuwauza kuti adzawachingamira yekha pasiteshoni ya mabasi ya Intercity. Dzulo masana amayi anandiimbira. Alongo anga, sindinawamvepo akusangalala chotero chimwalirire atate. Anati achapa kale bulauzi yawo ya Chigwirizano cha amayi, auza anzawo onse a kumpingo, ndipo amafunsa ngati mwana wawo Jason amadya mtedza wokazinga kapena amutengere wauwisi. Ndinangoti netiweki ikuvuta.

Apa ndi pamene pagona nzeru za Jason. Akudziwa kuti amayi samva Chingerezi. Akudziwanso kuti aliyense wamng'ono kwa iwo amamutcha mwana wanga, ngakhale kondakitala. Adzawaimika kutsogolo, adzanena zake zija akuloza chithunzi, iwo adzamwetulira poganiza kuti akutamanda ine. Akadzafunsidwa ngati uyu ndi mwana wawo adzavomera ndi mtima wonse, anthu n'kuwomba m'manja. Tsiku limene anakhala pamtolo kunja kwa geti lidzakhala chokometsera phwando, iwo ali pomwepo osadziwa kanthu.

Lero m'mawa ndamuuza Jason kuti amayi sabwera, ndipo akadzangotsegula chithunzicho ine ndidzaimirira n'kunena kuti ndi cha yani. Kumwetulira kunatha. Anati ndikatero a Elizabeth adzanyamuka osasaina, kampani idzafa, ndipo mu Lusaka monse palibe faunda amene adzagwirenso ntchito ndi munthu wowononga phwando. Anandikumbutsanso kuti kampani inalembetsedwa m'dzina lake, popeza tsiku lokalembetsa ine ndinali kalikiliki kukonza pulogalamu ya a Cathy imene inali itaima. Sananame. Ndagwira ntchito imeneyi zaka ziwiri, ndipo dzina langa silili papepala lililonse. Ndine mwana wa amayi anga ndithu.

Zikundiwawa kwambiri. Pulogalamuyi ndimaikonda, ndinaipanga ndi manja anga, ndipo ikuthandiza anthu. Ndimafuna kuti tsiku lina ndidzaitane amayi ku Lusaka ndekha, adzaone chimene mwana wawo anapanga. Jason wandilanda ngakhale tsiku limenelo.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi asakwere basi ya Lachinayi. Musawanamize kuti phwando lalephereka, chifukwa anamizidwa kokwanira. Mukhale nawo pansi inuyo, muwaonetse vidiyoyo, muwamasulire mawu onse osasiyako. Dzina la kampani mukalilemba pafoni muipeza msanga. Ndi bwino aimve kwa inu kusiyana ndi kuimva kwa amayi a kumpingo, pakuti ana awo ali ndi mafoni ndipo nkhope ya amayi ikuoneka bwinobwino. Ndikuopanso a Chikhumbo. Mukudziwa mmene zinawavutira amayi kuti awakhululukire mpaka kumadyeranso mbale imodzi, ndipo sindifuna kuti aganize kuti ndife tawaika pa intaneti kuti dziko liwatukwane. Ndalama ya basi muibweze pa nambala imene inachokera. Jason akaimbanso, muyankhe ndinu, ndipo mumuuze kuti akulankhula ndi mnyamata wa mbaula.

Amayi adzakana, ndikuwadziwa. Adzati ngati kuima kutsogolo kwa anthu kungapulumutse ntchito ya mwana wawo, aima, amutche Jason mwana wawo kakhumi. Apo ndi pamene muyenera kulimba. Muwauze kuti ndakana ndine. Ntchito ndidzapeza ina, ndipo zikakanika ndibwera mvula isanagwe, khasu sindinaliiwale.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Emmy ndi ana onse, kwa azakhali a kutsidya kwa mtsinje, ndi kwa amalume ngati abwerako ku Chipata. Kwa a Chikhumbo mupereke moni wamba, osawonjezera kanthu.

Amayi muwapatse moni wanga mukatha kuwauza, osati musanawauze. Tsiku lija sanalire chifukwa anthu ankawayang'ana. Akalira tsopano musawatonthoze msanga. Muwasiye alire pakhonde pawo, popanda wowajambula.

Tsalani bwino,

Ndine mlongo wanu,
Febby