Mphindi Makumi Asanu

Lolemba, 3 Malichi

Mkazi wa bambo wandiimbira ndili ku ntchito. Nambala yanga anaitenga kuti, kaya. Akuti bambo agonekedwa m'chipatala, impso, ndipo akundifuna. Ndamuyankha kuti, "Nkutali."

Mawu awo omwe. Anatisiya ndili ndi zaka khumi, chaka chilichonse pa foni, "Mwana wanga, kuno nkutali." Ine nkumakhulupirira, kupusa. Mpaka nditayamba ntchito pa kauntala ya bwalo la ndege lino. Kuchoka pano kukatera kwawoko makilomita 410. Mphindi 50. Ndimalemba ndekha pa bolodi Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndege yanyamuka 10:20. Mipando 19, anthu 12. Ife antchito timakwera ulere mpando ukatsala. Ndaiwerenga yotsalayo kawiri, ndatseka chitseko, ndapita kukamwa tiyi.

Amayi akusita, "Pita ukawaone, ndi bambo ako." Ndati wosiyidwayo ndi inu, mwaiwala? Akuti iwo anatula kalekale, wosenzabe ndine. Sitinalankhulanenso.

Lachinayi, 6 Malichi

Bambo aimba okha. Mawu atha, ngati a munthu wolankhulira m'chitini. "Kamwana, ndege yanu ija imatenga nthawi yaitali bwanji?" Ndati funsani ku ofesi. Kupuma kokha. Kenako pakamwa panga pangotuluka, "Mawa."

Ndakalira kuchimbudzi, mpopi wotsegula.

Achimwene oyeza katundu pa sikelo akuti, "Chemwali, gulani tikiti, ya Lachisanu imadzaza." Ndati ndigule tikiti chifukwa cha munthu amene sanakwerepo ngakhale basi chifukwa cha ine? Ndidikira wotsala.

Lachisanu, 7 Malichi

Anthu 18. Mpando umodzi, wanga. Chikwama chinalowa kale. Dzuwa lake loswa mtengo, katundu wa apaulendo mbwee. Woyendetsa wabwera ndi pepala lake, akuti kukatentha chonchi ndege siinyamula zambiri, munthu mmodzi atsale. Woyamba kutsala ndi wantchito. Lamuloli ndalinenapo kwa anzanga kangati, ndikumwetulira?

Ndamupempha. Ine, kupempha! Akuti pepani, sikelo siimva chisoni.

Achimwene andibwezera chikwama osandiyang'ana. Bola akananditukwana.

Basi ndi mawa m'mamawa. Maola 11.

Loweruka, 8 Malichi

Foni inalira tili m'basi, pa ola lachitatu la ulendo. Sindinatsike. Ndikanatsikira kuti?

Lachiwiri, 11 Malichi

Tinawaika dzulo.

Mkazi uja ndinamukonzera mawu zaka zonsezi, akuthwa bwino. Ndapeza kamayi kakafupi, kotupa maso, kakundipatsa madzi ndi manja awiri. Mawu onse anathawa.

Akuti chipatalacho chili kuseri kwa bwalo la ndege. Lachisanu bambo anauza anamwino atsegule windo. Ndege itamveka ikutera anati, "Ndi imeneyo. Muikireni mpando." Mpandowo unakhala pambali pa bedi mpaka madzulo, osalola munthu kukhalapo. Anafunsa kamodzi kokha ngati ndakwiyabe.

Sindinawakhululukire, ndisaname. Zaka khumi ndi zinayi ndi zambiri. Koma ndimafuna ndiwauze pamaso, andiyankhe, tikangane.

Ndikulemba ndili m'ndege, kubwerera. Anthu 9. Mipando mbwee, ungagone. Ndayang'ana wotchi ponyamuka, ndayang'ananso pano matayala akugunda pansi.

Mphindi 47. Sizikwana nkomwe 50.

Lachisanu ndikatenga choko ndikalembe chiyani pa bolodi?