Zigoba Zisanu za Tikondwe

Lifuwu,
Salima.
14 Okutobala 2024

Mlongo wanga Salome,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Nacala kumeneko. Kuno tilipo, kupatula mwendo wa mlamu wako Dailes umene ukutupabe. Nambala yako ija ndasiya kuyimba, mayi wa Chipwitikizi amene amayankhamo watopa nane. N'chifukwa chake ndapatsira kalatayi Steven, woyendetsa thiraki uja. Akuti akuidziwa hotela imene ukugwirako ntchito.

Mwana wako Tikondwe ali sitandade 4. Watalika, madiresi unamusiyira aja akulekeza pamwamba pa mawondo. Koma chimene ndakulembera ndi nkhanu zija.

Ukukumbukira kuti utabwera zaka ziwiri zapitazo unamutengera tinkhanu tisanu ta kunyanja yamchere, tokhala m'zigoba za nkhono, pamodzi ndi bokosi lagalasi. Ine ndinaseka, ndinati pano nkhanu timaponda kugombe, iwe ukuziweta ngati mbuzi. Pokwera minibasi unamuuza kuti azisamale, tsiku lodzamutenga udzafuna kuziona zonse zisanu zikuyenda. Iwe unkangomutonthoza kuti asalire. Iye anamva ngati lamulo.

Wazisamala kuposa mmene ife timamusamalira iyeyo. Papaya akapatsidwa amayamba wadulira nkhanu. Mchere wa m'nyumba muno umathera m'madzi awo.

Mu Ogasiti m'bokosimo munagwa tizilombo. Toyera, ting'onoting'ono ngati utitiri wa nkhuku, toyenda pamiyendo ya nkhanu n'kumalowa m'zigoba. Ndikuganiza kuti tinabwera ndi chikuni chimene Tikondwe anatola kugombe kuti nkhanu zizikwerapo. Mwana anayamba kusiya chakudya m'mbale. Ndinakafunsa mlangizi wa ziweto, iye anati ntchito yake imathera pa abakha. Anzanga kudoko anati ndingoziwotcha tidyere.

Ndiye ndinachita zimene ndimadziwa. Kwathu kuno nsikidzi timathana nazo ndi dzuwa, utitiri ndi phulusa. Tikondwe atachokapo ndinataya mchenga wonse, ndinatsuka galasi ndi madzi otentha, nkhanuzo ndinaziwaza phulusa n'kuziika m'beseni pathandala loyanikira usipa kuti tizilomboto tithawe. Kenako bwato la anzanga a Saidi linafika, anandiitana kuti ndikathandize kulikokera kumtunda. Mumtima ndinati mphindi khumi zokha. Dzuwa la Salima ukulidziwa.

Pobwera ndinapeza zinayi zatuluka m'zigoba, zauma gwa. Yaing'ono pa zonsezo yokha ndi imene inapulumuka, inakanirira m'mbali mwa beseni momwe munali kamthunzi.

Salome, ine amene ndimawoloka kupita ku chilumba cha Mbenji mwera ukuwomba, ndinachita mantha ndi mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Zinayizo ndinazikwirira kuseri kwa bafa. Zigoba ndinazitsuka n'kuzibwezera m'bokosi, kukamwa kuloza pansi. Ndinamuuza kuti mankhwala azifooketsa, zizigona kwambiri masiku ano. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse iye akapita kumjigo ndimasuntha zigobazo, china pafupi ndi madzi, china pakona, kuti zizioneka ngati zayenda. Milungu isanu ndi umodzi, bambo wandevu zanga kuyendetsa zigoba. Ndikulemba pano manyazi akundigwira.

Tizilomboto sitinathe ayi. Tabwerera pa yotsala ija. Mphunzitsi wake anayang'ana pafoni, anati ndiziyisambitsa m'madzi amchere ofunda pang'ono, mchenga ndiziyamba ndauphika, chakudya chisamagonemo. Zonsezo ndikuchita, ndipo zikanathandiza ndikanafunsa poyamba. Pano nkhanuyo sikudya, mwendo umodzi wathothoka. Sindikuona kuti ifika nthawi ya mvula.

Lachiwiri lapitali ndinalawirira kudoko osasuntha zigoba. Ndili m'njira ndinakumbukira, ndinabwerera. Ndinamupeza Tikondwe atagwada pabokosi, ndowa ili pambali, akuzisuntha yekha. Sanadzidzimuke. Anati anaona kuti amalume aiwala, ndiye amandithandiza. Anati anadziwa sabata yoyamba yomwe, chifukwa chigoba chopanda mwini n'chopepuka, koma sanafune kuti ndikhumudwe.

Iye sanalire, ndipo zimenezo ndi zimene zikundipweteka. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti amayi ake ndisawauze, chifukwa akamva kuti yatsala imodzi sabweranso. Ndinamulonjeza.

Lonjezo limenelo ndi ili ndaliswa.

Steven anandiuza kuti uli pabanja kumeneko, ndipo uli ndi khanda. Sindikukuweruza, moyo wa kuchilendo ndi wako, ukuudziwa ndiwe. Koma mwana uyu akuganiza kuti chimene chikukuchedwetsa ndi nkhanu, ndipo ikafa yotsalayi adzati wakuthamangitsa ndi iyeyo. Ine ndamuuza kangapo kuti si choncho. Amangondiyang'ana, poti wandiona kale ndikunama.

Ngati ukubwera, tchula mwezi. Ngati sukubwera, lemba ndi dzanja lako kuti mlandu si wake. Mumtima mwanga ndikudziwa yankho lako, koma kunena kwake si kwanga.

Undiperekere moni kwa alamu amene sindinawaone, ndi kwa mwana amene sitikumudziwa dzina. Mulungu akusunge kumeneko.

Ukamayankha usatchule za nkhanu. Iye akuganiza kuti sindinakuuze.

Ndine mlongo wako,
Pitala